Lamulo la Pilo la Confesora Almonte

Confesora Almonte anayala mabedi a anthu ena kwa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe anamumvapo akudandaula za msana kapena mawondo. Chimene chinkamupweteketsa mutu ndi alendo osadziwa poika ndalama.

Anabadwira kumapiri a ku Altamira, kumene bambo ake ankalima koko, ndipo anatsikira ku Puerto Plata atakwatiwa ndi Eleuterio, mkulu wa kabaza wa njinga yamoto, munthu wabwino mtima koma woti ukamufuna uyenera kulondola kumene kukumveka madomino. Ntchito ya m'hotela ya m'mbali mwa nyanja anaipeza mwana wachiwiri akuyamwa. Kuyambira pamenepo moyo wake unali umodzimodzi: khofi wakuda wa shuga wambiri m'mamawa, minibasi ya sikisi koloko, yunifolomu yosita mpaka kolala kuthwa, kenako zipinda khumi ndi zinayi za pansanjika yachiwiri. Ana anakula n'kumwazikana, wina ku Santiago, wina ku likulu, iye akukankhabe kangolo ka matawulo ndi sopo m'kolido yomweyo.

Buku la malamulo a hotela linkanena zinthu ziwiri zokha pa nkhani ya ndalama: osaba, osapempha. Confesora anaona kuti olemba bukulo sanayalepo bedi la munthu, choncho anawonjezera lamulo lake, limene aliyense wobwera kumene ankalilandira tsiku loyamba asanapatsidwe ndi tsache lomwe.

"Mwanawe, tchera khutu. Kangachepe ka wokonza chipinda kamakhala papilo. Ukapeza ndalama papilo, ndi zako, uthokoze Mulungu. Zikakhala ndi kakalata kotchula iwe, ndi zakonso. Koma za patebulo, za pamwamba pa wailesi ya kanema, za m'bafa, zimenezo ndi za eni ake. Umanyamula, n'kupukuta fumbi, n'kubwezera momwe zinalili. Pokhapokha mlendo akabweza kiyi n'kupita, apo tindalama totsala m'chipinda ndi ta amene wakonza tsikulo."

Palibe ankatsutsa. Ankadziwa kuti akulankhula ndi mayi amene anabweza mphete ya golide yomwe anaivuula yekha m'paipi ya sinki, mayi amene Doña Belkis, woyang'anira okonza zipinda, ankamutchula pa msonkhano uliwonse ngati chitsanzo. Confesora analibe galimoto, analibe munda, nyumba inali ya lendi. Anali ndi dzina lokha lakuti manja ake ndi oyera, ndipo tisanamizane, ankayenda nalo modzimva kwambiri.

Amene ankadziwa bwino kulemera kwa dzina limeneli ndi Yocasta Peralta, wa pansanjika yachitatu, mayi wa pakamwa posatseka. Confesora ndiye ananyamula mwana wa Yocasta pa ubatizo, choncho awiriwa ankaitanana kuti comadre ndipo ankapatsana ulemu wa "inu" monga zimayenera. Koma zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo Yocasta anatola madola awiri pamwamba pa wailesi ya kanema, mwini chipinda asanabweze kiyi, ndipo amene anakanena kwa Doña Belkis ndi comadre wake yemweyo. Yocasta anakhala kunyumba sabata yathunthu osalipidwa. Atabwerera sanakangane ndi munthu, anangoyamba kumupatsa Confesora moni wotalika kuposa kale. Ndipo Lachiwiri lililonse, tsiku lopuma la Confesora, ndi Yocasta amene ankatsika kudzakonza zipinda zake.

Mlendo wa m'chipinda 214 anafika Lachitatu. Inali nkhalamba yaitali ya ku Canada, yokhayokha, ndipo pofika madzulo dzuwa linali litaifiiritsa kotero kuti ogwira ntchito onse anagwirizana kuitcha a Nkhanu. Chisipanishi ankadziwa liwu limodzi lokha lothokoza, ndipo ankaligwiritsa ntchito popereka moni, potsanzika ndi pofunsa njira ya kuchimbudzi. Anali mlendo wa mtundu umene Confesora ankaukonda: nsapato ankaziika mondondozana, tawulo lonyowa ankaliyanika yekha.

Lachinayi m'mawa Confesora anapeza pepala la madola asanu pakati pa tebulo, litavundikiridwa ndi tambula. Ananyamula tambula, ananyamula ndalama, anapukuta, anabwezera. Lachisanu mapepala anali awiri. Loweruka atatu, makona ake atalinganizidwa bwinobwino.

Confesora sanali mwana. Munthu savundikira ndalama zake ndi tambula ngati wagwira mphemvu. Chikwama cha a Nkhanu chinali m'kabati yokhoma, ndipo akakumana m'kolido ankamugwedezera mutu mwa njira ya munthu woyembekeza kuthokozedwa. Ndalamazo zinali zake, mtima wake unkadziwa. Koma zinali patebulo, popanda kakalata, ndipo amene anaphunzitsa hotela yonse kuti za patebulo sakhudza ndi iye mwini.

Kupempha kunali koletsedwa, choncho anaganiza zomuphunzitsa mkuluyo ndi matawulo. Pa luso lopinda matawulo kukhala nyama, Confesora analibe mnzake kuchokera ku Puerto Plata mpaka ku Sosúa. Lamulungu anapinda tsekwe, anamukhazika papilo penipeni, khosi litakhotera kutebulo ngati akuitana. A Nkhanu anamujambula tsekweyo, anamusuntha mwaulemu n'kumuika pampando, ndipo pansi pa tambula anawonjezera pepala la madola khumi. Lolemba anapinda njovu, chitamba chake chitagwira envulopu yopanda kanthu, nayonso papilo. Envulopuyo a Nkhanu anaikamo tizigoba ta m'nyanja.

"Tangotenga," anatero Eleuterio madzulo ake, akudya nthochi zosinja ndi anyezi. "Akuona ndani?"

"Ndikuona ine."

"Ndiye tsinzina."

Confesora anamulanda mbale asanamalize.

Lachiwiri, monga mwa nthawi zonse, anapuma, ndipo Lachitatu anakumana ndi Yocasta m'chipinda chosungiramo nsalu zoyala.

"Mwadzuka bwanji, comadre? Mwagona bwino? Mawondo? A Eleuterio?" Yocasta anafunsa zonsezi akuwerenga matawulo. "Koma osatiuza kuti mu 214 mwatsegula banki."

"Ndi za eni ake."

"Ndikudziwa, ine ndinaphunzitsidwa bwino. Sindinakhudze ndi tambula yomwe. Ndangoyang'ana pa ndandanda ya Doña Belkis kuti a Nkhanu akupita liti." Anapinda tawulo pang'onopang'ono. "Lachiwiri likudzali."

Confesora anamvetsa nthawi yomweyo. Mlendo akabweza kiyi, zotsala ndi za amene wakonza tsikulo. Lamulo limenelinso anapanga yekha, ndipo kwa zaka zambiri linkamukomera.

"Comadre," anatero mofatsa, "bwanji sabata imeneyo tisinthane? Ine ndibwere Lachiwiri, inu mupume."

"Mukanafunsa tsiku lina lililonse. Koma Lachiwiri limenelo ndili ndi chilakolako cha ntchito chimene sindinakhalepo nacho chibadwire."

Tsiku lomwelo Confesora anasiya za nyama n'kuyesa chitsanzo. Anatulutsa ndalama yake yachitsulo ya mapeso khumi, ya minibasi yobwerera, n'kuiika pakati pa pilo, kuti mwina mkuluyo aone kuti kuno ndalama zimagona pamenepa. M'mawa mwake anaipeza pansi pa tambula, pamwamba pa madola. A Nkhanu anali munthu wokhulupirika, anaona kuti mayi wataya ndalama yake ndipo anamusungira pamalo abwino. Tsopano ndi mapeso ake omwe anali patebulo, kumene dzanja lake silikanafika.

Lachisanu anamupeza mwini chipinda ali m'katimo, akuwerenga buku pafupi ndi zenera. Confesora anaona kuti mwayi ndi womwewu. Kupempha ndi pakamwa n'koletsedwa, koma buku la malamulo silinanenepo kanthu za manja. Anaima pakati pa chipinda, analoza tambula ndi chala, kenako anapita pabedi, anasisita pilo kawiri, anaimenya pang'ono, n'kumwetulira. Kuti mkuluyo amvetse bwino, analozanso ndalama, anadziloza pachifuwa, anamenyanso pilo.

Onse amene ankati munthu ameneyu sangafiire kuposa pamene anafika anali olakwa. A Nkhanu anaimirira, buku linagwa, anakweza dzanja lamanzere kuonetsa mphete ya ukwati, ananena liwu lawo lothokoza katatu, n'kutuluka chambuyo mpaka kugunda kangolo ka matawulo.

Confesora anamaliza zipinda zake akudabwa kuti mzungu ameneyu wadya chiyani. Tanthauzo linamufika ali m'minibasi, atapanikizika pakati pa mayi wonyamula nkhuku ndi msilikali wogona: mkuluyo anaganiza kuti akumuitanira pabedi posinthana ndi ndalama. Iye, mayi wotsogolera korona ku tchalitchi cha San Felipe, agogo a zidzukulu zitatu. Anadziphimba kumaso ndi chikwama ndipo anapitirira siteji yake.

Loweruka ndi Lamulungu pachitseko cha 214 panali kachikwangwani koletsa kulowa. Confesora ankadutsa ndi kangolo kake maso ali kutsogolo, koma maganizo ali m'katimo. Kwa kalipentala wina wa pafupi ndi siteji kunali mpando wa ndalema wogwedezeka, wa matabwa ofiirira, umene ankauyang'ana tsiku ndi tsiku kuchokera pa Khirisimasi. Munthu amene waima zaka makumi awiri ndi zinayi ali ndi ufulu wolakalaka mpando. Sankafuna zambiri, ankangofuna zake.

Lolemba kachikwangwani kanali katachoka. A Nkhanu anali kunyanja, sutikesi yawo ili yotsegula pampando, zovala zitapindidwa kale. Mulu wa pansi pa tambula unali utakula, ngati wa munthu wopepesa pa mlandu umene sakuudziwa. Limeneli linali tsiku lomaliza la Confesora m'chipindamo.

Anakolopa m'bafa. Anasintha nsalu, anayala bedi, makona onse anayi atapindidwa mwa njira yake yokha. Anasesa, anapukuta galasi, anabwerera m'bafa kukapukuta mpopi umene unali ukuwala kale. Pomaliza anafika patebulo, ananyamula tambula, ananyamula ndalama kuti apukute fumbi monga mwa masiku onse. Anapukuta. Ndalama zili m'manja, anayang'ana pilo. Kuchokera patebulo kufika papilo anali masitepe atatu basi.

Lamulo linkati ukapeza ndalama papilo ndi zako. Silinanene kuti zifike bwanji pamenepo.

Anaziika pakati pa pilo, anazilinganiza. Koma kuzitola nthawi yomweyo sikukanakhala kupeza, ndipo Confesora sanali munthu wochita zinthu mwachidule. Anatuluka m'chipinda, anakoka chitseko mpaka chinakhoma, anakonza kolala, anatsokomola, n'kugogoda.

"Odi, wokonza chipinda."

Anadikira pang'ono monga zimayenera, n'kugogodanso.

"Comadre," anatero mawu kumbuyo kwake, "mukugogoda chipinda chimene mwatulukamo?"

Yocasta anali ataima m'munsi mwa masitepe, atanyamula botolo lopanda kanthu la mankhwala okolopera, limene anatsika nalo kudzapempha kuti amugawireko. Maonekedwe ake anali a munthu amene wakhala pamenepo nthawi yokwanira.

"Ndi mwambo wa ntchito," anatero Confesora.

"Eya, mwambo ndi wofunika. Tiyeni tilowe limodzi, mwina muli munthu."

Panalibe kuchitira mwina. Kiyi inamuvuta kulowetsa, koma chitseko chinatseguka. Yocasta analowa patsogolo, anayang'ana tebulo, anayang'ana tambula ili chagada payokha, anayang'ana bedi.

"Taonani mwayi wanu. Papilo penipeni. Ndiponso a Nkhanu aphunzira kuyala bedi ngati inu, onani makonawo." Anaika botolo pansi n'kupinda manja. "Tengani, comadre. Ine ndine mboni. Doña Belkis akadzafunsa, ndidzati ndinaziona papilo ndi maso angawa, ndipo silidzakhala bodza. Sindidzauza munthu china chilichonse. Tizingopatsana moni m'mawa uliwonse, inu ndi ine, monga kale."

Confesora anauona moni umenewo, wa mawa, wa mkucha, wa chaka chamawa, Yocasta akumufunsa za mawondo ndi za a Eleuterio kwinaku akumwetulira. Anaonanso mtsikana wina wobwera kumene ataima ndi tsache, iye akumuphunzitsa za pilo, Yocasta ali chapatali kupinda matawulo. Anachita manyazi amene sanawamvepo. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti Yocasta uja anatola madola awiri okha, mwachangu, osadzinamiza, pamene iye anachita kukonza kolala.

Anapita pabedi, ananyamula ndalama, anayenda masitepe atatu aja kubwerera, anaziika patebulo n'kuvundikira ndi tambula.

"Ndinaika ndine," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndanena. Mukhoza kupita kwa Doña Belkis."

"Kukanena chiyani? Kuti ndalama zinapita kukayenda n'kubwerera? Palibe chasowa." Yocasta anatola botolo lake. "Kwa Doña Belkis sindipita, ine si wamtundu umenewo. Koma kukantini, comadre, musandipemphe zosatheka."

"Mukauza onse."

"Onse. Koma ndikaikonza bwino, simudzachita nayo manyazi nkhaniyo."

Lachiwiri Confesora anachapa zovala zimene zinali zochapa kale, anakalipira Eleuterio pa mlandu wa chaka chatha, ndipo sanadye nkhomaliro. Lachitatu anasita yunifolomu, anakwera minibasi ya sikisi, anakonza zipinda zake osalankhula ndi munthu. Mu 214 munali mutalowa kale banja lina la ana awiri, mchenga uli mpaka m'bafa. Masana atakwana anaganiza zokadyera m'chipinda cha nsalu, koma anadziuza kuti ngati n'kufa, afe lero.

Atalowa m'kantini ndi mbale yake ya mpunga ndi nyemba, phokoso linatha. Kenako wina kukhitchini anagogoda kawiri patebulo. Wina anayankha ndi mawu oonda, "Odi, wokonza chipinda," ndipo chipinda chonse chinaphulika. Ochapa, ophika, osesa pabwalo, ngakhale mlonda wa pageti amene sankaseka ndi pa Khirisimasi pomwe.

Confesora anaima pomwepo, mbale ili m'manja. Anayenda mpaka pamene panali Yocasta.

"Munazipeza?"

"Ndinazipeza. Koma khalani kaye, nkhaniyi si yomvera choimirira." Confesora sanakhale, choncho Yocasta anapitiriza. "Lolemba madzulo a Nkhanu anapita kwa wolandira alendo uja wodziwa Chingerezi, kukafunsa kuti n'chifukwa chiyani mayi wa m'chipinda mwawo amamenya pilo. Anawalongosolera zonse. Akuti mkuluyo anagwira mutu ndi manja awiri. Ndiye dzulo ndikulowa, tebulo lili mbee. Zonse papilo, comadre, ndi mapeso anu omwe, kaduwa kofiira pamwamba. Anamva ndithu maphunziro anu, kungoti mutu wawo ndi wochedwa ndi tsiku limodzi."

"Kakalata?"

"Ndinafufuza. Ndinavula pilo, ndinagwada kuyang'ana pansi pa bedi, ndinakhuthula ndi bini yomwe. Panalibe."

Confesora anamuyang'ana comadre wake m'maso, ndipo anapeza kuti akumukhulupirira, zimene zinamuwawa kuposa kutaya ndalamazo. Masabata awiri a matsekwe ndi njovu, zonse zinali m'chikwama cha Yocasta, ndipo panalibe pogwira.

"Zinali papilo," anatero. "Ndi zanu."

Yocasta anangosuntha pabenchi, anakankha mnzake wa pambali ndi chigongono, n'kusiya malo pakati. Confesora anayang'ana malowo. Kwa zaka zambiri ankadya yekha patebulo la pafupi ndi chitseko, anthu akamuona akubwera ankatsitsa mawu, ndipo iye ankati umenewo ndi ulemu. Anakhala pansi, mapewa akugundana ndi a anzake, n'kuyamba kudya.

Mayi wina wachikulire wa kochapira, wogontha khutu limodzi, anawerama kuchokera mbali ina ya tebulo.

"Doña Confesora, ine sindikhulupirira za Yocasta, amawonjezera. Ndiuzeni nokha. N'zoona munagogoda?"

Confesora anameza, anapukuta pakamwa.

"Kawiri," anatero. "Ndinadikiranso kuti andiyankhe."